Momwe tsamba la pa intaneti linaphunzirira kutuma mthenga

Amene tinayamba kugwira kompyuta m'ma intaneti kafe, nthawi imene tinkalipira pa mphindi, sitingaiwale kuyera kwa sikirini. Unkadzaza fomu yaitali: dzina, tsiku lobadwa, boma lochokera, keyala, nambala ya foni. Ukadina batani lotumizira, tsamba lonse linkafufutika, n'kutsala poyera ngati ufa woyanika pamkeka. Unkangokhala manja ali pamiyendo, diso limodzi pa sikirini, lina pa wotchi ya mwini kafe. Tsiku lina ndinadikira choncho mpaka tsamba linabwerera, likundiuza ndi zilembo zofiira kuti dzina lolowera limene ndinasankha analitenga kale munthu wina. Mabokosi onse amene ndinadzaza anali mbee. Ndinayambira pachiyambi, ndalama ya mphindi zanga ikupita.

Lero mwana wa sukulu akamalembetsa pa tsamba lotere, chizindikiro chobiriwira kapena chofiira chimaoneka pambali pa bokosi chala chake chisanachoke pa kiyibodi. Iye saona chachilendo. Koma m'kamphindi kameneko tsamba latumiza funso kwa seva, kapulogalamu ka pa sevapo kadzuka, kafufuza m'nkhokwe ya mayina, kabweza yankho la mawu awiri atatu, ndipo tsambalo silinagwedezeke n'komwe. Kuti zimenezi zitheke panadutsa zaka zoposa khumi za kuyesa, kubera njira ndi kukangana, ndipo anthu ambiri amene anakonza njirayi sankadziwa kukula kwa chimene ankakonza.

Tim Berners-Lee atalemba maganizo ake ku CERN, pafupi ndi Geneva, mu 1989, ankaganiza za mapepala a akatswiri a sayansi. Ankafuna kuti munthu wowerenga lipoti lina athe kulumphira ku lipoti linzake losungidwa pa kompyuta ina. Tsamba loyamba linatsegukira anthu onse mu 1991, ndipo malamulo olankhulirana amene iye anakonza, otchedwa HTTP, anali osavuta ngati kugula pa wokala: wapempha chinthu, akupatsa, mwasiyana, ndipo wogulitsa waiwala nkhope yako. Pempho limodzi, yankho limodzi, yankholo n'kukhala tsamba lathunthu. Kwa munthu wowerenga lipoti, dongosolo limeneli linalibe cholakwa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1993, pamene a ku NCSA, ku yunivesite ya Illinois, kumene kunachokeranso browser ya Mosaic, anakhazikitsa CGI. Rob McCool ndi amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi. CGI inalola kuti seva, m'malo mongotola fayilo yosungidwa kale, ithamangitse kapulogalamu, kawirikawiri kolembedwa mu Perl, n'kutumiza zimene kapulogalamuko kapanga. Mu 1995 Rasmus Lerdorf anatulutsa PHP, imene inapeputsa ntchito yomweyi kwambiri moti mpaka lero masamba ochuluka zedi amayendera iyo. Tsopano seva inatha kuwerengera, kusunga, kufufuza. Koma khomo lolowera kwa iyo linali limodzi lokha: kuti kapulogalamu ka pa seva kadzuke, wowerenga ankayenera kusiya tsamba limene anali nalo n'kulandira lina. Zinali ngati pakhomo pasowa mchere, ndiye banja lonse lizimitse moto, linyamule mphika ndi mikeka, lipite ku golosale, pobwerako liyambirenso kusonkha moto. Pa modemu ya pa waya wa telefoni, yonyamula ma kilobit 28.8 pa sekondi, ulendo umenewu unali wautali ndithu.

Mayi wanzeru sachita zimenezo. Amaitana mwana, kumupatsa ndalama, kumuuza kuti athamange, iye n'kupitiriza kuvundula ndiwo ndi kucheza ndi mlendo. Mwana akabwera, mchere umalowa mumphika, nkhani osaduka. Mbiri yonseyi ndi ya kufunafuna mwana wotumayo.

Mu Meyi 1995 Brendan Eich wa ku Netscape analemba chiyankhulo chatsopano m'masiku khumi. Chinayamba ndi dzina loti Mocha, kenako LiveScript, pomaliza JavaScript mu Disembala chaka chomwecho. Chinapatsa tsamba manja: linatha kuona ngati bokosi lasiyidwa lopanda kanthu, kusintha chithunzi, kutsegula kawindo. Koma pakamwa polankhulira ndi seva linalibe. Apa ndi pamene luso la olemba mapulogalamu a zaka zimenezo limandigwira mtima, chifukwa anatenga zipangizo zopangidwira ntchito ina n'kuzisandutsa amithenga.

Njira yoyamba inali ya mafelemu. Netscape Navigator 2 inalola kugawa windo m'zigawo, chilichonse ndi tsamba lakelake, ndipo Internet Explorer 3 ya mu 1996 inabweretsa iframe, kawindo kokhala m'kati mwa tsamba. Wina anazindikira kuti chigawo chimodzi akhoza kuchichepetsa mpaka chisaoneke. Ndiye fomu inkatumizidwa kudzera m'kachigawo kobisikako. Ndiko kankafufutika ndi kubwereranso, tsamba looneka lili phee. Yankho likafika, JavaScript inkalitola n'kuliika pamene maso a wowerenga ali. Njirayi inkagwira ntchito, koma inkadziulula. Internet Explorer inkalira kaphokoso kake ka "tiki" nthawi iliyonse imene kafelemu kapita ulendo, ndipo batani lobwerera m'mbuyo linkasokonezeka: munthu ankalidina katatu osaona chosintha, poti linkabwerera m'mapazi a kafelemu kosaonekako.

Njira yachiwiri inali yochenjera kuposa apo. Browser ikauzidwa kuti pali chithunzi, imapita yokha kukachitenga, osafunsa munthu. Ndiye wolemba pulogalamu ankauza JavaScript kuti ipange chithunzi chatsopano, koma pa adiresi ya chithunzicho ankalembapo adiresi ya kapulogalamu ka pa seva, uthenga wake ataumata kumchira. Browser inkanyamuka kukatenga chithunzi, seva n'kuthamangitsa kapulogalamu, kuwerengera voti kapena kulemba kuti wakuti watsegula tsamba lakuti, n'kubweza kachithunzi ka kadontho kamodzi kosaoneka ndi maso. Mthenga ameneyu ankadziwa kupita kokha, yankho lomveka sankabwera nalo. Kadontho kameneka kakadalipo. Ndi kamene kamauza otsatsa malonda kuti mwatsegula imelo yawo. Panalinso njira yachitatu, yolembedwa m'malamulo enieni a HTTP a mu 1996: seva ikayankha ndi nambala 204, kutanthauza kuti ntchito yachitika koma palibe choti ndikuonetse, browser imasiya tsamba momwe liliri. Mu 1998 Microsoft inayesa ya Remote Scripting, yodalira kapulogalamu ka Java kobisika m'tsamba, ndipo mu 2000 Brent Ashley wa ku Canada anagawa kwaulere JSRS, imene inasonkhanitsa machenjera a mafelemu obisika kuti ena asavutike kuwayamba okha.

Mthenga weniweni anabadwira mu ofesi ya Microsoft ku Redmond, ndipo anabadwa chifukwa cha makalata. Gulu lina kumeneko linkakonza Outlook Web Access, njira yoti wogwira ntchito awerenge imelo za ku ofesi pa browser iliyonse ngati ali pa desiki yake. Bokosi la makalata lofufutika nthawi iliyonse ukatsegula kalata silikanafanana ndi Outlook imene anthu anaizolowera. Alex Hopmann, mmodzi wa amisiri a gululo, anakonza kachipangizo kolola JavaScript kutumiza pempho la HTTP mwakachetechete n'kulandira yankho ngati mawu wamba. Vuto linali loti kalowe bwanji mu Internet Explorer 5, imene inali itatsala pang'ono kutuluka. Malinga ndi zimene Hopmann mwiniwake anafotokoza patapita zaka, XML, njira yolembera deta, ndi imene inali m'kamwa mwa aliyense masiku amenewo, ndipo njira yapafupi inali kukalowetsa m'mtolo wa MSXML umene unali kale pa ulendo. Choncho anakatcha XMLHTTP, ngakhale ntchito yake inali ya HTTP ndipo sikankasamala kuti katundu wonyamulidwa ndi XML kapena ayi. Internet Explorer 5 inatuluka mu Malichi 1999 kachipangizoka kali m'kati.

Kenako kunali zii, pafupifupi zaka zisanu. Funso loti chifukwa chiyani limandisangalatsa kuposa la kubadwa kwake. Choyamba, kankagwira ntchito mu Internet Explorer mokha, kudzera mu njira ya Microsoft yotchedwa ActiveX, imene ambiri ankaiopa chifukwa cha mavairasi. Komanso JavaScript inali ndi mbiri yoipa. Anthu ankaidziwa ndi mawindo a malonda ongotumphuka osaitanidwa ndi zilembo zovina pa sikirini, ndipo wolemba mapulogalamu wodzilemekeza ankaiona ngati choseweretsa. Makampani ambiri a pa intaneti anagwa mu 2000 ndi 2001, ndalama zoyesera zatsopano n'kuuma. Koma a Mozilla anaona phindu lake, anapanga kawo kofanana nako n'kukatcha XMLHttpRequest, ndipo kanali mu Mozilla 1.0 ya mu 2002. Safari inatsatira mu 2004, Opera mu 2005. Panalibe bungwe limene linalamula zimenezi. Opikisana pa malonda anangotengerana nzeru, mpaka chinthu cha kampani imodzi chinasanduka cha onse.

Pa 1 Epulo 2004 Google inalengeza Gmail, ntchito imene anaiyamba Paul Buchheit. Inkapatsa munthu malo a 1 GB pamene Hotmail inkapereka 2 MB, moti ambiri anayesa bodza la tsikulo. Malowo ndi amene anatchuka m'manyuzipepala, koma amene ankadziwa mapulogalamu anadabwa ndi china: kalata inkatseguka pompopompo, tsamba osaphethira. Mu Disembala chaka chomwecho kunabwera Google Suggest ya Kevin Gibbs, imene inkatuma mthenga pa chilembo chilichonse chimene munthu walemba, n'kumuonetsa mawu amene mwina akufuna. Ndipo mu Febuluwale 2005 kunatuluka Google Maps, yochokera ku kakampani ka ku Sydney kotchedwa Where 2 Technologies, kumene kunali abale awiri a ku Denmark, Lars ndi Jens Rasmussen. Mapu a pa intaneti a nthawi imeneyo ankafuna kuti udine muvi wa kumpoto, udikire tsamba latsopano, udinenso. Awa unkangowagwira ndi kuwakoka, tizidutswa tatsopano ta mapu n'kumabwera tokha m'mphepete. Munthu aliyense amene anakoka mapu amenewo koyamba anadziwa kuti tsamba la pa intaneti si pepalanso.

Chimene chinkasowa ndi dzina. Pa 18 Febuluwale 2005 Jesse James Garrett, wa kampani ya Adaptive Path ku San Francisco, analemba nkhani yaifupi yofotokoza njira imeneyi, n'kuitcha Ajax, chidule cha Asynchronous JavaScript and XML. Iye sanapange chipangizo chilichonse. Ankangofuna liwu lalifupi loti azilankhulira ndi makasitomala. Koma chinthu chopanda dzina sichiphunzitsika, sichilembedwa pa chikalata chofunsira ntchito, ndipo bwana sangachiitanitse. Chaka chisanathe, mabuku, misonkhano ndi maphunziro a Ajax zinali ponseponse.

Ndi bwino kuona pafupi momwe mthengayu ankatumidwira, chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Wolemba pulogalamu ankapanga XMLHttpRequest, n'kuiuza ndi lamulo la open kuti ipite ku adiresi iti ndiponso ngati ikukatenga, GET, kapena ikukapereka, POST. Asanaitumize ndi send, ankaisiyira malangizo a zochita ikabwerako. Apa ndi pamene ambiri oyamba kumene ankapunthwa, ndipo amapunthwabe: amalemba mzere wotuma, pansi pake pomwepo n'kulemba mzere wogwiritsa ntchito yankho, kuiwala kuti mwana akadali m'njira. Mchere suthiridwa mwana asanabwere. Mthengayo anali ndi kanambala kotchedwa readyState, koyenda kuchokera pa 0 kufika pa 4, ndipo pulogalamu inkadikira 4 pamodzi ndi nambala 200 yochokera kwa seva, yotanthauza kuti zonse zayenda bwino. Ikabwera 404, ndiye kuti adiresi ndi yolakwika. 500, ndiye kuti kapulogalamu ka pa seva kagwa m'njira. Ndipo popeza Internet Explorer inkafuna kuitanidwa mwa njira yakeyake mpaka mtundu wa 7 wa mu 2006, aliyense ankayamba ndi mizere yofufuza kaye kuti ali mu browser iti.

Mtolo umenewo anaupeputsa anyamata olemba malaibulale. Sam Stephenson anatulutsa Prototype mu 2005, ndipo mu Januwale 2006 John Resig anaonetsa jQuery ku New York. Ndi iyo, ntchito ya mizere makumi awiri inalowa mu mzere umodzi. Mu Epulo 2006 bungwe la W3C linatulutsa chikalata choyamba chofotokoza XMLHttpRequest mwalamulo, patatha zaka zisanu ndi ziwiri chinthucho chikugwira kale ntchito. XML nayo sinakhalitse. JSON, kalembedwe kopepuka kamene Douglas Crockford anakafalitsa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kanalanda malo ake, moti chilembo chomaliza cha Ajax chinatsala ngati dzina la mudzi umene mwiniwake anasamuka kalekale.

Walira mvula walira matope. Mu Meyi 2005 Google inatulutsa Web Accelerator, pulogalamu yotsegula maulalo a pa tsamba munthu asanawadine kuti asadikire. Koma olemba masamba ena anali ataika ntchito yofufuta zinthu kuseri kwa maulalo wamba a GET, ndipo ogwiritsa ntchito Backpack ya kampani ya 37signals anaona zolemba zawo zikusowa popanda wozikhudza. Lamulo linalipo kale loti GET ndi yotenga basi, chosintha kanthu chidzere pa POST, koma ambiri analimva tsiku limenelo. Mu Okutobala chaka chomwecho, mnyamata wa zaka 19, Samy Kamkar, anabisa JavaScript pa tsamba lake la MySpace. Aliyense wotsegula tsambalo, browser yake inkatuma mthenga mobisa kukapempha ubwenzi kwa Samy ndi kukopera pulogalamuyo pa tsamba la wotsegulayo. M'maola osakwana 20 inafika kwa anthu oposa miliyoni imodzi, MySpace inatseka kaye kuti ikonze, ndipo Kamkar anazengedwa mlandu. Mthenga amene samveka mapazi angatumidwenso ndi wakuba, atavala nkhope yako.

N'chifukwa chake mpanda umene Netscape inamanga kalelo, woti pulogalamu ya tsamba lina isawerenge mayankho ochokera ku seva ya eni ena, unakhala wofunika kwambiri. Koma mpanda womwewo unkatsekereza ntchito zabwino, ndipo anthu anaubowola: mu Disembala 2005 Bob Ippolito anafotokoza JSONP, yozembetsa yankho ngati kuti ndi pulogalamu. Chipata chovomerezeka, CORS, chimene chimalola seva kunena yokha amene ikuwalola, chinakhala lamulo la W3C mu 2014. Panalinso ena amene anaiwalika kwa nthawi yaitali. Munthu wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera za pa sikirini, ndipo tsamba likasintha pakona mwakachetechete, pulogalamuyo sinkadziwa kuti pali chatsopano. Kufufutika kwa tsamba kumene tonse tinkadana nako kunali belu kwa iye. Panafunika malamulo ena, a WAI-ARIA, kuti tsamba lizinena kuti apa pasintha, ndipo mpaka lero si onse amene amawatsata.

Kwathu kuno nkhaniyi inatipeza mwa njira ina. Ambiri sitinalowe pa intaneti kudzera pa kompyuta koma pa foni ya mabatani, ndipo browser imene inatitsegulira khomo inali Opera Mini ya ku Norway. Iyo sinkatenga tsamba mwachindunji. Maseva a Opera ndi amene ankalitenga, kuthamangitsa JavaScript yake kwa kanthawi kochepa, kulifinya, n'kutumiza ku foni chotafunidwa kale. Bandulo inkakhalitsa, koma pa foniyo panalibe mthenga woti atumidwe; ukadina batani la Ajax, tsamba linkapita ulendo wonse ngati kale, ndipo nthawi zina batanilo silinkachita kanthu. Masamba opangidwa ndi anthu a netiweki yothamanga ankatikana pakhomo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Njira imeneyi, mwa chibadwa chake, ndi bwenzi la munthu wogula deta ndi ndalama ya ndiwo. Kutumiza mawu khumi m'malo mwa tsamba lonse ndi kusunga, ndipo palibe amene akanapindula nako kuposa mlimi wofunsa mtengo wa soya pa netiweki ya kamzere kamodzi. Koma opanga masamba ataona kuti tsamba likhoza kudzimanga lokha mu browser, anayamba kutumiza kaye mtolo waukulu wa JavaScript, nthawi zina ma MB angapo, munthu asanaone liwu ndi limodzi lomwe. Kuyera kwa sikirini kunachoka, m'malo mwake kunabwera kagudumu kozungulira. Ndipo amithenga ambiri amene tsamba la lero limatuma si a wowerenga ayi. Amapita kukanena kuti waima pati, wayang'ana chiyani, kwa masekondi angati, ulendo wawo akulipira ndi bandulo yake. Tsamba losatha, limene limangowonjezera nkhani pansi ukamatsika, linatheka ndi njira yomweyi. Aza Raskin, amene amatchulidwa kuti analiyambitsa mu 2006, anadzanena poyera kuti amamva chisoni ndi nthawi ya anthu imene latha.

Zipangizo zinapitirira kusintha. WebSocket, yokhazikitsidwa mu Disembala 2011, inasiya njira yotseguka kuti seva izitha kuyamba yokha kulankhula, monga zimafunikira pocheza pa mauthenga. Mu 2015 Chrome ndi Firefox zinalandira fetch, imene imagwira ntchito ya XMLHttpRequest popanda kuwerenga manambala a readyState, ndipo mu 2017 JavaScript inapeza mawu a async ndi await, olola wolemba kunena kuti dikira apa mpaka mwana abwere, tsamba lonse osauma. Kunabweranso sendBeacon, mdzukulu wa kachithunzi ka kadontho kaja, yotumiza uthenga womaliza munthu akamatseka tsamba. Ena atopa ndi mitolo ikuluikulu. Htmx ya Carson Gross, ya mu 2020, imabwezera ntchito yambiri kwa seva, imene imatumiza kachidutswa ka tsamba kokonzedwa kale kuti kangolowa pamalo pake, pafupifupi momwe a mafelemu obisika ankachitira.

Mwezi wathawu mdzukulu wa mlongo wanga, amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, anandionetsa tsamba limene wapangira gulu la banki m'khonde la amayi ake. Mlembi akalemba dzina la membala, ngongole yake imaoneka pambali. Akadina kuti wabweza, nambala imatsika. Kuseri kuli kapulogalamu ka PHP ka mizere yosakwana makumi atatu. Anadina F12, n'kutsegula pamene browser imaonetsa maulendo onse a pa netiweki, kuti ndione pempho lake likupita. Linali laling'ono kuposa uthenga wa pa foni, ndipo linabwera ndi 200. Pamwamba pa mndandandawo panali kabatani kosefera, kolembedwa kuti Fetch/XHR. Anandifunsa kuti X ameneyo akuimira chiyani, popeza iye XML sanaigwirepo, ndipo ndinamukokera mpando.